Dzina Lachisanu ndi Chitatu

Skelbeck, Novembala 1927.
Abusa Oddie anandipeza ndikupopa njinga kuseri kwa polisi.
"Thackray, wina waononga chipilala."
Tinatsika limodzi, mpweya ukufuka m'kamwa ngati wa ng'ombe zam'khola.

Mayina khumi ndi anayi a anyamata omwe nkhondo inadya.
Khumi ndi atatu ali bwinobwino.
Lachisanu ndi chitatu lagobedwa,
kwangotsala S ndi kamchira ka e kumapeto.
Seth Hebblethwaite.
Kusukulu tinkakhala benchi imodzi, zigongono zikugundana.

Pofika masana mudzi unali utazenga kale mlandu.
Kumowa ankaloza Dinsdale wosula zitsulo,
poti Seth anapita ali ndi ngongole yake ya mapaundi awiri.
Wina anati ndi Ajeremani,
ngati Mjeremani angakwere phiri lathu usiku, nyundo ili m'thumba.

Ine ndinagwada pamatope.
Mabala a tchizulo anapendekera chosemphana:
wogobayo ndi wamanzere.
Mayina oyandikana sanawakande n'komwe,
fumbi anasesa, maluwa ofota n'kuwabwezera pamalo pake.
Munthu waukali sasesa.

Kusitolo, Mayi Alderson akuyeza shuga anangoti,
"Mayi Hebblethwaite aja, Lachisanu lililonse fodya wa kaliwo.
Ati ngophera nsabwe za m'maluwa."
"Nsabwe mu Novembala?"
Anapukuta sikelo, osandiyang'ana.

Njira ya ku Gill Foot ndi yokwera, njinga ndinaikankha.
Mpanda wa miyala unali wokonzedwa kumene,
mwala uliwonse utagona pa unzake ngati anabadwira pamodzi.
Mwini mpanda ndi mayi wa nyamakazi
amene ketulo yomwe amanyamula ndi manja awiri.

Anandithirira tiyi. Kapu inkalira pambale.
Tinakamba za mtengo wa ubweya, za nkhosa yotsimphina.
Kenaka pamwamba pa mitu yathu thabwa linati kwee,
ndipo wina anatsokomola.
Chifuwa chimenecho ndimachidziwa.
Ndi cha utsi wachikasu wa m'maenje a ku France,
nanenso chimandidzutsa usiku.

"Makoswe," anatero mayiyo.
"Makoswe anu amatsokomola ngati ine, mayi."

Anatsika yekha pamakwerero,
ndevu zambuu, maso osazolowera zenera,
fumbi la mwala lili m'zikhadabo za dzanja lamanzere.
Anati m'chaka chomaliza cha nkhondo anangodzuka m'ngalande n'kuyamba kuyenda.
Kachitsulo ka dzina lake anakasiya m'khosi mwa munthu wopanda nkhope.

"Chaka chilichonse belu limalira, Amos,
ine ndikumva kudengaku.
Ndimadziwa mphindi imene abusa amafika pa dzina langa.
Amayi amaima pakati pa olira enieni.
Anzathu khumi ndi atatu aja anafadi.
Ndawalanda malo zaka zisanu ndi zinayi."

Unyolo unali m'thumba la jasi, ukuzizira pantchafu.
Lamulo ndimalidziwa: wothawa nkhondo,
ndi mayi wolandira ndalama za mwana wakufa.
Ndinamwa tiyi yense, mpaka masamba.

Usiku, panyali, ndinalemba m'buku lalikulu:
Madzi analowa m'ming'alu ya mwala,
chisanu chinauphulitsa. Palibe wolakwa.
Abusa anawerenga kawiri, anavula magalasi.
"Chisanu chosankha dzina limodzi, Thackray?"
"Chisanu cha kuno n'chophunzira, abusa."

Mmisiri wa ku Hawes akuti mapaundi atatu kuti alembenso.
Mbale yosonkhera ili pakhomo pa tchalitchi.
Dinsdale waponyamo kale mashiling'i asanu,
wamukhululukira ngongole munthu wakufa.
Ine ndimaidutsa mbaleyo.

Lachisanu ndimagula fodya mapaketi awiri.
Mayi Alderson amakulunga osafunsa.
Imodzi ndimaiiwala pampanda wa ku Gill Foot,
pa mwala wachitatu kuchokera pachipata,
ndipo ndikamatsika phiri sinditembenuka.